Momwe mungapangire data yoyesera pulogalamu yofananitsa manetiweki

Pulogalamu monga IsoRank kapena GRAAL imatenga manetiweki awiri, tinene a mapuloteni a yisiti ndi a munthu (puloteni iliyonse ndi dontho, ndipo mzere umalumikiza mapuloteni awiri ogwirizana), n'kunena kuti dontho ili kuno ndi lomwe lija uko. Koma pa data yeniyeni palibe amene ali ndi mayankho onse, ndiye mudziwa bwanji kuti yakhoza? Dzikonzereni nokha mayeso omwe mayankho ake muli nawo kale. Zofunika ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu, ndi NetworkX, chida chake chopangira manetiweki, basi.

Choyamba, pangani netiweki yoyambira. Mukalemba barabasi_albert_graph(1000, 3, seed=7) mupeza madontho 1000 ndi mizere 2991. Njirayi, ya Barabási ndi Albert ya mu 1999, imachititsa kuti madontho ochepa akhale ndi anzawo ambirimbiri pomwe ena ali ndi atatu kapena anayi okha. Ngati ntchito yanu ndi ya mapuloteni, ine ndingakulangizeni duplication_divergence_graph, chifukwa imatsanzira momwe majini amadzikopera kenako n'kumasiyana pang'onopang'ono. Nambala ya seed, yomwe kompyuta imayambirapo posankha mwachisawawa, muilembe penapake, kuti mawa mudzapange netiweki yomweyo.

Chachiwiri, koperani netiwekiyo, mupatse dontho lililonse dzina latsopano mwachisawawa, ndipo mndandanda wa dzina lakale ndi latsopano muusunge mu fayilo yapayokha. Amenewo ndiwo mayankho anu.

Apa mpofunika kusamala kwambiri. Lamulo la relabel_nodes limasintha mayina, koma madontho amakhalabe pa ndondomeko yawo yakale: loyamba kuno ndi loyambanso uko. Pulogalamu ikamangotenga loyamba pamene awiri akuoneka ofanana, ipeza malikisi ambiri isanagwire ntchito, inu n'kumasangalala pachabe. Choncho sakanizaninso madontho ndi mizere ndi random.shuffle, mumange netiweki yatsopano, kenako muilembe mu fayilo.

Chachitatu, iwonongeni pang'ono kopeyo, poti data ya mu labotale simakhala yangwiro. Chotsani 5 peresenti ya mizere, pafupifupi 150, n'kuikapo ina yongopeka yochuluka chimodzimodzi. Bwerezani ndi 10, 15, 20 ndi 25 peresenti. Akatswiri ambiri amayesera pa milingo yomweyi ndi netiweki ya yisiti ya madontho 1004 ndi mizere 8323, ngakhale iwo amachita kuwonjezera mizere. Mukachotsa, onani ngati pali dontho lomwe latsala lokhalokha, chifukwa fayilo yolemba mizere yokha siilisunga dontho lotere.

Pomaliza, perekani manetiweki awiriwo ku pulogalamu, muwerenge madontho omwe yawalumikiza molondola, mugawe ndi 1000. Chiwerengerochi amachitcha node correctness. Musadabwe chikalephera kufika 100 peresenti ngakhale pa kope yosawonongeka: madontho awiri okhala ndi anzawo ofanana ndendende ali ngati mapasa, pulogalamu yoona mizere yokha singawasiyanitse. Mlingo uliwonse muuyese kakhumi ndi seed zosiyana, mulembe avereji pamodzi ndi zotsatira zotsikitsitsa.