Kuzimitsa batire mu modelo ya sola osasokoneza manambala

Mukafuna kudziwa ngati batire likupindulitsadi pa sola yomwe mukupanga, njira yake ndi imodzi basi, kuyendetsa modelo (chiyerekezo cha sola yanu pa kompyuta) kawiri, koyamba batire lilimo kachiwiri litachoka, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Vuto ndiloti ambiri amazimitsa batirelo malo amodzi okha, kwinako likadali moyo, ndiye manambala omwe amatuluka amakhala osathandiza koma munthu nkumawakhulupirira.

Tiyambe ndi SAM, pulogalamu ya ulele yoyesera sisitimu za magetsi ngati sola, yomwe inapangidwa ku NREL, malo ofufuzira za mphamvu ku Colorado ku America. Musanagwire chilichonse dinani pa dzina la case yanu (sisitimu yomwe mwakonza mu SAM) pamwamba paja, musankhe Duplicate kuti yoyambayo ikhale osakhudzidwa. Pa kope latsopanolo, pamenyu yomweyo pali Change model, chokani ku PV Battery mupite ku PV wamba, koma mbali ya ndalama musasinthe, ngati inali Commercial ikhalebe Commercial. Mukatero yenderani tsamba lililonse ndi maso anu, fayilo ya nyengo, mtundu wa mapanelo, inveta, kupendekeka kwa mapanelo, load (magetsi omwe amagwiritsidwa ntchito) ya maola onse 8760 a pachaka, mitengo ya magetsi, muone kuti zonse zikufanana ndi za case yoyamba. Ndi yotopetsa inde, koma apa mpomwe zinthu zimalakwikira.

Zongolemba 0 pa kWh ya batire ine sindizikonda. SAM imatenga kWh ndi voteji yomwe mwapempha nkuwerengera ma cell angati alumikizane motsatana, mizere ingati iyende pambali, ndiye mukaiuza kuti ipange batire lopanda kanthu mukuipatsa ntchito yomwe sinapangidwire. Ena amaika kabatire kakang'ono kwambiri kuti modelo ingoyenda, chabwino, koma mtengo wa chaka ndi chaka wosamalira batire ukakhala wokhazikika umakhalabe pomwepo ngakhale batirelo lichepe bwanji.

Amene mumagwiritsa PySAM, yomwe ndi SAM yoyendetsedwa pa Python, muli ndi switchi yeniyeni, dzina lake en_batt, 1 ndiye loyaka 0 lozima, ndipo mu Pvsamv1, modelo yake ya sola, mumalemba pv.BatterySystem.en_batt = 0. Koma tamverani apa anzanga, en_batt yomweyo ilinso mu modelo ya ndalama, kaya ndi Cashloan kaya Singleowner, ndiye muizimitsenso kumeneko. Chachikulu kuposa zonsezi ndi total_installed_cost, mtengo wonse womangira sisitimu. Pa SAM ya pa desktop nambala imeneyi imaphatikizidwa yokha kuchokera pa tsamba la mitengo, pomwe mu PySAM ndi nambala chabe yomwe munabwera nayo, siidziwa kuti batire lachoka. Mukaisiya momwemo ndiye kuti mukulipira batire lomwe kulibe, LCOE (mtengo wopangira kWh imodzi) nkukwera, payback (nthawi yobwezera ndalama zomwe munalowetsa) nkutalika, kenako munthu nkumauza bwana kapena odzapereka ndalama kuti batire ndi lotchipa kuposa momwe lilili zoona. Chotsani mtengo wa batire pamanja, pamodzi ndi gawo lake la contingency (ndalama zosungira zadzidzidzi) ndi msonkho ngati zinawerengedwa pa peresenti, ndiponso ndalama zogulira lina likatha mphamvu pakati pa zaka 25 za pulojekiti.

Ku HOMER, pulogalamu ina yoyesera sisitimu za magetsi, nkosavuta, ndipo ine ndimaona kuti oipanga anaganiza bwino. Musachotse batire pa chithunzi cha sisitimu chija, ingopitani pa search space yake, mndandanda wa manambala omwe HOMER iyese, muwonjezere 0 pa chiwerengero cha ma string, yomwe ndi mizere ya mabatire, mwachitsanzo 0, 2, 4, 8, ndiye pulogalamuyo iyesa zonse nkukuikirani mu tebulo limodzi, za batire ndi zopanda. Mzere wopanda batire ukapanda kuoneka musathamangire kunena kuti HOMER yaonongeka. Pitani ku Constraints muone maximum annual capacity shortage, malire a magetsi omwe mukulola kusowa pachaka, ikakhala pa 0 peresenti ndipo mulibe jenereta kapena gridi, ndiye kuti usiku palibe chopereka magetsi, HOMER imataya sisitimu yotereyo osaionetsa nkomwe. Kwezani nambalayo kuti muone kuchuluka kwa magetsi osowa, kapena ikanimo jenereta ya dizilo kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo. Converter nayo musaichotse ngati mapanelo ali mbali ya DC, akufunikabe posandutsa magetsi kukhala AC. Mu PyPSA, pulogalamu ina ya pa Python, batire likakhala StorageUnit mumangoichotsa, koma ngati batire munalimanga ndi Store ndi ma Link awiri chotsani zonse zitatu, ndipo solver (gawo lowerengera) ikati infeasible, kutanthauza kuti yankho silikupezeka, kawirikawiri ndi load ya usiku yomwe yasowa woipatsa.

Tsopano zotsatira. Mu SAM kapena PySAM yambani mwaona batt_annual_discharge_energy, magetsi omwe batire latulutsa pachaka, ikhale 0 kapena isapezeke, ikakhala ndi nambala ndiye kuti batire likadagwirabe ntchito penapake. Kenako musadabwe magetsi a pachaka atakwera pang'ono batire litachoka, mwa kWh 100 zolowa mu batire la lithium zina ngati 10 zimathera munjira, ndiye zimenezo zabwerera. Koma ngati batire linali mbali ya DC, likugawana inveta ndi mapanelo, zitha kutembenuka, poti masana dzuwa likaswa mtengo mapanelo amatulutsa zoposa zomwe inveta ingalandire ndipo batire ndi lomwe limatola zotsalazo, likachoka zimangotayika. Tsegulani graph ya maola, musankhe tsiku limodzi la mu Okutobala, muona pamwamba pa mzere wa AC paphwatalala kuyambira cha mma 10 mpaka mma 2 koloko masana, kutayika kwa zotsala kumeneko ndiko kumatchedwa clipping.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwathu kuno ndi gridi. Modelo mukaisiya momwe inabwerera imaganiza kuti gridi siizima, ndiye batire limaoneka ngati kutaya ndalama, pomwe aliyense amene anayendetsapo chigayo kapena kusunga katemera mu firiji magetsi atazima akudziwa phindu lake. SAM ndi HOMER zonse zimalola kuika maola omwe gridi kulibe, ikani omwe mumakumana nawo mdera lanulo, mu ma case onse awiri. Ndipo pali ntchito zina za batire zomwe LCOE siziona, ngati ku Golomoti ku Dedza komwe sola ya 20 MW ili ndi batire la 5 MW, 10 MWh, lomwe limathandizanso kuti mtambo ukadutsa magetsi opita ku ESCOM asagwe mwadzidzidzi. Kugwa kwa mphindi zochepa ngati kumeneko modelo ya ola ndi ola imakubisa, pamafunika fayilo ya nyengo ya mphindi 5 kapena 15 kuti kuoneke.