Momwe mungaonere mbalame pa tchuthi cha ku chilumba cha Likoma

Ntchito yeniyeni imayambira kuno ku Lilongwe, musanakwere basi ya ku Nkhata Bay. Pezani ma binoculars (magalasi oonera zinthu zakutali) abwino. Funsani olembedwa 8x42, chifukwa olembedwa manambala akuluakulu amanjenjemera m'manja mukakhala m'boti.

Apa ndi pomwe ine ndinagwa nazo. Ndinagula anga kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu m'tauni, mtengo wake wotsika mokoma. Ndinangosuzumiramo kamodzi, ndinaona galimoto patsidya, n'kulipira. Nditafika ku Likoma, m'mawa woyamba nkhwazi inatera pa mlambe pafupi ndi gombe. Ndikuti ndiyang'ane, ndinaona nkhwazi ziwiri zosanjikizana, imodzi pamwamba pa inzake. Magalasi a m'kati anali osalunjika. Pofika masana mutu unali waching'alang'ala, ndipo tsiku lachiwiri chinyontho cha panyanja chinalowa m'kati, zonse zinachita mbuu. Mtima unandipweteka kwambiri, ulendo wonse uja ndinausungira ndalama miyezi ingapo.

Ndiye musanapereke ndalama, tulukani nawo panja. Yang'anani nthambo ya magetsi yakutali, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo. Nthamboyo ikadumpha m'mwamba kapena pansi, abwezeni pomwepo. Agwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakulira m'kati, ayi ndithu. Wogulitsa akakana kuti muyesere panja, m'siyeni. Bola kubwereka kwa mnzanu kusiyana n'kugula zotere.

Kenako kayeserereni ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Zolowerani kuyamba mwaiona mbalame ndi maso, n'kukweza ma binoculars osasuntha mutu. Ikaninso Merlin Bird ID, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, pa foni mukadali pa intaneti yabwino, ndi yaulere.

Pa sitima ya Ilala zonse zikhale m'jumbo yomanga bwino. Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umavuta panyanja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumakhalanso mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia.

Pachilumbapo dzukani mbandakucha, mupite komwe asodzi akukocheza ndi usipa. Apatseni moni kaye, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Akakowa amazungulira mathandala. Nkhwazi muyamba kuimva musanaione, imalira itaponya mutu chagada, ndipo pa ziwiri zokhala limodzi yaikuluyo ndi yaikazi. Pali kambalame kena kakuda ndi koyera, ka mlomo wautali, kamene kamaima malo amodzi m'mwamba kakukupiza mapiko kenako n'kudziponya m'madzi. Mukaona chisa chachikulu cha timitengo pamphanda ya mtengo, dikirani, mwini wake ndi nantchengwa.

Masana dzuwa likaswa mtengo mbalame zimabisala, kaoneni tchalitchi cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903. Madzulo bwererani kugombe. Valani zosawala, lembani zomwe mwaona m'kope, ndipo mufunse ana a pamenepo maina a mbalamezo m'chinenero chawo.