Kuwonjezera chipinda ku nyumba yakale: zofunika kuwerengera ndi malo amene ntchito imalakwikira

Anthu ambiri amati chipinda chowonjezera ndi ntchito yaing'ono poti khoma limodzi lilipo kale. Komatu khoma lomwelo ndi limene limavuta. Nyumba yakale inakhazikika kale m'nthaka, pomwe chipinda chatsopano chikhala chikutitimira pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri. Polumikizira pamenepo ndi pamene pamayambira mng'alu ndi kudontha.

Yambani ndi za malo. Patauni ya Dedza kapena Ntcheu, pulani iyenera kuvomerezedwa kukhonsolo, ndipo pamakhala kandalama kolipira. Onaninso pamene padutsa paipi ya Central Region Water Board ndi waya wa ESCOM wolowa m'nyumba, chifukwa kuzisuntha n'kolipira. Kumudzi, ngati muli pachikamwini kapena pamalo a mbumba, atsibweni adziwe musanakumbe. Nyumba siinyamulika.

Kenako kumbani kadzenje m'mbali mwa khoma lakale muone maziko ake. Nyumba zambiri zakumudzi zinangoyalidwa njerwa mizere iwiri kapena itatu pansi, zomangira dothi. Mukapeza zotere, musasenzetse khoma lakalelo denga latsopano. Maziko atsopano afike pa nthaka yolimba, masentimita 60 kuya ndi 60 mulifupi ngati ndi pa katondo. M'makande, ngati a kuchigwa cha Bwanje, dothi limatupa m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, choncho pitirirani mpaka mita imodzi ndipo muikemo zitsulo. Pamtsetse, monga zilili mbali zambiri za Dedza ndi Tsangano, maziko akumbidwe ngati masitepe, sitepe iliyonse pansi pake pakhale pa levulo. Musafukule kunsi kwa maziko akale, ndipo dzenje loyandikana nawo lisagone masiku losathira konkire.

Powerengera mtengo, werengani matumba ndi njerwa, mitengo muikepo tsiku logula. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kotesheni ya mwezi watha siidalirika.

Titenge chipinda cha mamita 4 ndi 3, cholumikiza kumbali ya mamita 4. Makoma atsopano ndi atatu, mamita 10 onse pamodzi. Kutalika mamita 2.7, kuphatikiza khoma la m'maziko n'kuchotsapo windo, zikukwana masikweya mita pafupifupi 34. Khoma la mainchesi 9 limadya njerwa 110 pa sikweya mita, ndiye gulani 4,000 kapena kupitirira pang'ono, poti zina zimasweka potsitsa. Zikombole za kumudzi zimasiyana, choncho yezani njerwa imodzi musanakhulupirire nambalayi. Mukasankha mabuloko a masentimita 40 ndi 20 m'malo mwa njerwa, akufunika pafupifupi 450.

Simenti ndi matumba 40 a makilogalamu 50, kapena kuposa pang'ono: 6 a maziko, 6 a silabu ya pansi, 14 omangira, 3 a bimu (lamba wa konkire wa pamwamba pa makoma), 8 a pulasitala mkati ndi kunja, 3 osalazira pansi. Njerwa zokhotakhota zimawonjezera omangira ndi a pulasitala omwe, ndiye njerwa yotchipa nthawi zina imabweza mtengo wake kusitolo. Konkire ya maziko ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, wilibala zitatu za kwale. Matope omangira ndi thumba limodzi pa wilibala zitatu, a pulasitala ziwiri ndi theka. Wilibala yake ikhale yofafaniza pamwamba. Anyamata osakaniza akayamba kudzaza mpaka kuchita nsonga, pulasitala adzayoyoka mukangokanda ndi chala. Mchenga uyeseni m'botolo la madzi: khutchumulani, musiye usiku wonse. Matope okhala pamwamba akaposa gawo limodzi mwa magawo khumi, mchengawo ndi wa m'munda, si womangira.

Tsopano polumikizira. Amisiri ambiri amakonda kugumula mano m'khoma lakale n'kulowetsamo njerwa zatsopano. Zimaoneka bwino tsiku loyamba, koma chipinda chikayamba kukhazikika chimakoka manowo, mng'alu n'kuyenda ngati makwerero mpaka m'khoma lakale. Ife timalangiza kusiya mpata woongoka wa sentimita imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kumanga makoma awiriwo ndi tizitsulo tolowa m'khoma lakale pa mzere wachinayi uliwonse. Mpatawo mutseke ndi zomatira zofewa, ndipo pa pulasitala mudule kamzere pomwepo kuti kusuntha kukabwera kutsate mzerewo. Pulasitiki yakuda ija amati DPC ikhale masentimita 15 pamwamba pa nthaka, apo ayi chinyontho chidzakwera n'kusupula penti. Thiraninso mankhwala a chiswe musanathire silabu, makamaka m'mbali mwa khoma lakale, chifukwa chiswe chimakwerera mumpatamo.

Poboola khomo lolowera m'chipindamo, lintala (mtanda wa konkire wa pamwamba pa khomo) ilowe kaye, yokhala pakhoma masentimita 20 mbali zonse ziwiri, kenako mugumule zapansi pake. Ngati chipinda chatsopano chikutseka windo la chipinda china, werengerani windo lina ndi kuboola kwake.

Denga ndi pena pamene anthu amagwa napo. Njira yotchipa ndi kulowetsa malata kunsi kwa denga lakale n'kutsetsereka. Pa mamita 3, malata a mizere wamba ayenera kutsika masentimita osachepera 50. Ngati khoma lakale ndi la mamita 2.7, khoma lakunja litsala 2.2, munthu wamtali n'kumakhudza phaso ndi dzanja. Apa mmisiri amanyengerera pochepetsa kutsetsereka, ndipo mvula ya mphepo ya mu January imabwerera m'malumikiziro a malata. Ngati malo alola, wonjezerani kumbali ya gebulo, khoma la nsonga lija, kuti denga lingopitirira momwe lilili. Mukatsetsereka ndithu, malata ndi 7 a mafiti 14, geji 28. Geji 32 ndi yopyapyala, imabooka pamisomali ndipo sichedwa kuchita dzimbiri. Matabwa a paini ku Dedza savuta kupeza, koma ambiri amagulitsidwa aawisi. Aumitseni pamthunzi, muwapake mankhwala a chiswe, ndipo phaso limangidwe ndi waya wochokera m'bimu.

Nthawi yabwino yomanga ndi kuyambira May mpaka October. Kuzizira kwa June ndi July kuno kumachedwetsa konkire kulimba, pomwe mwera umaumitsa pamwamba pokha. Thirirani masiku 7, mutafunditsa masaka kapena udzu, ndipo matabwa a kunsi kwa lintala asachotsedwe milungu iwiri isanathe.

Mmisiri mugwirizane naye polemba, malipiro ake m'magawo: maziko, kufika pa windo, bimu, denga, pulasitala. Lembani amene alipire anyamata, amene atunge madzi ndi amene agumule khomo lija, chifukwa mkangano umabuka pazimenezi. Pa ndalama yonse muwonjezere 15 peresenti. Khoma lakale mukaligogoda, pulasitala wina amagwa yekha, ndipo penti watsopano safanana ndi wakale, ndiye mbali yonseyo ya nyumba mudzapentanso.