Momwe mungalandirire ndi kuteteza makalata ochokera m'sitima yosaima

Kwa zaka zoposa 100, timatauni tambirimbiri ta ku America ndi ku Britain tinkalandira makalata kuchokera m'sitima zomwe sizinkaima pa siteshoni zawo. Sitima inkadutsa ili pa liwiro la makilomita 90 pa ola kapena kuposerapo, thumba lina n'kukwera, lina n'kutsika, mawilo osaleka kuzungulira. Kuimitsa chisitima cholemera pa kasiteshoni kalikonse chifukwa cha thumba limodzi kukanadya nthawi ndi malasha ambiri, ndipo kalata ya tsiku limodzi ikanayenda masiku atatu.

M'sitimazi munkakhala bogi yomwe inali positi ofesi yeniyeni, momwe makalaliki ankasankhula makalata ulendo uli mkati. Ku Britain zinayamba mu 1838 pa njanji ya pakati pa Birmingham ndi Liverpool. Ku America, George B. Armstrong anakhazikitsa positi ofesi yotere pa 28 Ogasiti 1864 pakati pa Chicago ndi Clinton ku Iowa, ndipo pofika 1869 anayamba kugwiritsa ntchito ngowe yachitsulo yokolera matumba. Anthu akamakamba za ntchitoyi amatama kalaliki wa m'bogi uja. N'zoona anali katswiri, koma ine mtima wanga uli pa munthu wapansi, yemwe ankaima yekha m'mbali mwa njanji, mvula kaya mdima. Thumba likakhala m'sitima yothamanga linali pabwino. Ngozi yake inali pomwe laima: pa mzati, pansi pomwe lagwera, ndi pa njira yopita ku ofesi. Malo atatu onsewa anali m'manja mwa munthu wapansiyo.

Tsono tiyerekeze kuti munthuyo ndinu, pa kasiteshoni kena ku America m'zaka za m'ma 1930. Ntchito yanu iyenda motere.

Yambani ndi thumba

Si thumba lililonse lomwe lingakoledwe ndi ngowe. Lanu ndi la nsalu yokhuthala ngati ya tenti, lili ndi mphete yachitsulo kumutu ndi ina kumunsi, komanso lamba pakati. Musanaikemo kanthu, liyang'aneni bwino. Ngati ulusi wa pa mphete wayamba kumasuka, kapena lamba wang'aluka, lisiyeni mutenge lina, chifukwa mphamvu yomwe ngowe imenyere thumbali si yamasewera.

Mangani makalata m'mitolo ndi chingwe. Pamwamba pa mtolo uliwonse ikani kapepala kosonyeza komwe ukupita, kokhala ndi chidindo cha ofesi yanu ndi dzina la amene wamanga. Kapepalaka musakapeputse. Wolandira akapeza kalata yosochera mumtolomo, alemba cholakwacho pa kapepala komweko, ndipo akuluakulu adziwa kuti dzanja lomwe linaphonya ndi la ndani.

Gawani mitoloyo, ina kumutu ina kumunsi, pakati pakhale popanda kanthu. Kenako kokani lamba mpaka thumba lining'e pakati ngati mavu. Poning'apo ndi pomwe ngowe igwire. Mukasiya makalata pakati, ngowe iwaphwanya, kapena thumba lidumpha osakoledwa. Musadzazitse, ndipo za magalasi ndi zina zosweka zidikire sitima yomwe imaima. Pomaliza tsekani ndi loko wa positi, mumukoke kawiri kuti mutsimikize kuti wagwira.

Kupachika pa mzati

M'mbali mwa njanji muli mzati wokhala ndi mikono iwiri yachitsulo, wina m'mwamba wina m'munsi, yoloza ku njanji. Kwerani pa makwerero ake, kolekani mphete imodzi ku mkono wa m'mwamba ndi inayo ku wa m'munsi, thumba liime chilili, litakungika. Likakhala lolendewera mphepo ilipendeketsa, ndipo ngowe idutsa pambali. Timbedza tomwe tagwira mphete tiloze komwe sitima ikupita, kuti thumba livuke mosavuta likakokedwa. Kukazizira kwambiri, onani ngati timbedzato sitinaume ndi madzi oundana.

Pa nkhani ya nthawi m'pomwe ambiri angalakwitse. Munthu amaganiza kuti kupachika msanga n'kuchita bwino. Ayi. Thumba lopachikidwa ola lathunthu sitima isanafike ndi thumba lomwe mwapereka kwa aliyense wodutsa ndi mpeni. Pachikani patatsala mphindi zochepa chabe, ndipo mukapachika musachoke. Musati ndikamwe kaye tiyi, musati ndikaone kaye kavalo. Sitima ikachedwa kwambiri, litsitseni mukhale nalo m'manja, mudzalipachikenso mukamva kuti yayandikira. Ukakhala usiku, ikani nyali pa mzati kuti a m'sitima aone pomwe pali thumba.

Imani pabwino, ndipo chotsanipo anthu

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna mulimve bwino kuposa ena onse, chifukwa apa pali moyo wa munthu. Thumba lomwe likutsika siligwa ngati chinthu chomwe mwataya pa khonde. Limatuluka ndi liwiro la sitima, limagunda pansi, n'kudumpha, n'kugubuduzika mtunda ndithu kulowera komwe sitima ikupita. Likamenya munthu m'miyendo limathyola fupa. Choncho dziwani malo omwe limagwera masiku onse, ndipo inu muime chakumbuyo kwa malowo, mbali yomwe sitima ikuchokera, patali ndi njanji. Musaime pafupi ndi mzati, chifukwa mikono yake imagwedezeka mwamphamvu thumba likachoka.

Ana amakonda kudzaonerera. Akuluakulunso amabwera, ena akudikira kalata ya mwana wawo, ena nyuzipepala. Auzeni mwaulemu koma mosanyengerera kuti asunthe. Chotsaninso ngolo, migolo ndi katundu aliyense pamalo ogwera thumba. Ndi bwino munthu akukwiyireni lero kusiyana n'kuti mumunyamule pa machira.

Zomwe zikuchitika m'bogi

Kudziwa zomwe mnzanu wa m'sitima akuchita kukuthandizani kumvetsa chifukwa chake zinthu zina zimalakwika. Iye waloweza njanji yonse pamtima. Usiku amadziwa pomwe ali pomva kulira kwa mlatho pansi pa mawilo, kukhota kwa njanji, kapena kulira kwa hutala yomwe woyendetsa amaimba poyandikira siteshoni. Amatsekula chitseko, n'kusuzumira kuseri kwa kagalasi komuteteza ku phulusa ndi makala a injini. Akaona mzati, amakoka chogwirira, ngowe n'kutambasuka kunja kwa bogi. Akaitambasula msanga ikhoza kumenya chinthu china cha m'mbali mwa njanji, akachedwa waphonya. Thumba lanu limalowa m'ngowe ndi phokoso, phaa, n'kupindika pakati, iye n'kulikokera mkati.

Nthawi yomweyo, thumba la kwanu lili pa khomo pafupi ndi phazi lake, ndipo amalikankha mwamphamvu ndi mwendo kuti ligwere kutali. Akalikankha mofooka, mphepo ya sitima imalikokera pansi pa mawilo. Pamenepo thumba limang'ambika, makalata n'kuti mbwee m'njanji monse.

Inu maso anu akhale pawiri: onani kuti lanu lakwera, ndipo onani pomwe linalo lagwera. Usiku tcherani khutu, chifukwa nthawi zina mulimva kugwa musanalione.

Tolani, yang'anani, nyamukani

Dikirani bogi yomaliza idutse. Ngati njanji zili ziwiri, yang'anani uku ndi uku musanaponde, chifukwa phokoso la sitima yomwe yadutsa limabisa ina yobwera. Mukatero pitani molunjika pomwe pali thumba. Musayambe kucheza, musayambe kukonza mzati. Thumba kaye.

Muli pomwepo werengani kapepala ka pa thumba, muone ngati ndi la ofesi yanu. Zimachitika kuti kalaliki waponya la siteshoni yotsatira. Onaninso loko ndi nsalu. Ngati mumayembekezera matumba awiri, mwina la makalata ndi la nyuzipepala, ndipo mwapeza limodzi, yendani ndi nyali m'mbali mwa njanji, musuzumire m'ngalande ndi m'tchire. Musapite kunyumba n'kumati tidzaliona kukacha.

Likakhala kuti lang'ambika, gwadani mutole kalata iliyonse, ngakhale yodukaduka, ngakhale yonyowa ndi mafuta a njanji. Tsatirani komwe mphepo yapita. M'maenvulopu amenewo muli ndalama ya lendi ya wina, muli uthenga wa maliro, muli yankho la ntchito lomwe munthu wadikira miyezi. Anthu akafuna kuthandiza kutola, alekeni athandize muli pomwepo, koma zonse zibwere m'manja mwanu. Wina akati iyi ndi yanga ndingotengeratu, mukaneni. Akailandire ku ofesi.

Ngati lanu silinakoledwe ndipo lagwa pansi, kapena latsala pa mzati, litengeni mubwerere nalo. Dziwitsani akuluakulu tsiku lomwelo kuti sitima yakuti yaphonya, n'kulitumiza pa sitima yotsatira.

Ulendo wa ku ofesi

Lamulo la ku America linkati positi ofesi ikakhala pafupi, osapitirira mamita pafupifupi 400 kuchokera pa siteshoni yokhala ndi wantchito wa kampani ya njanji, kampaniyo ndiyo inkanyamula matumba kukasiya ku ofesi. Kukatalika, a positi ankalemba munthu wawo wamtengatenga. Kaya inu ndinu uti mwa awiriwa, chochita n'chimodzi: osapatuka. Osalowa m'sitolo thumba lili pa ngolo panja, osapatsa mnyamata kuti atsogole nalo. Ndipo simulitsekula pa njira. Kiyi wa loko wa positi amakhala ndi mkulu wa ofesi, womangidwa pa tcheni kapena wotsekeredwa m'sefa, sayendayenda m'matumba a malaya.

Mukafika, thumba litsekulidwe mkati mwa ofesi, kuseri kwa kauntala. Likhuthuleni lonse, kenako mulitembenuze n'kusuzumiramo, chifukwa kalata yopyapyala imakakamira m'makona. Zoyamba kuona ndi za rejisitala, zija zolembedwa nambala ndi kusainiridwa polandira. Ziwerengeni molingana ndi pepala lomwe labwera nazo, musaine pokhapokha nambala zagwirizana. Matumba a rejisitala a pakati pa maofesi akuluakulu ankatsekedwa ndi loko wanzeru kwambiri, wokhala ndi kawindo koonetsa nambala. Nthawi iliyonse akatsekulidwa, nambala inkasuntha kamodzi. Wotumiza ankalemba nambalayo pa pepala, wolandira n'kufananiza. Zikasiyana, ndiye kuti wina anatsekula pa njira, ndipo panalibe kukana. Ine njira imeneyi imandigometsa mpaka lero, chifukwa inkateteza ndi wantchito wosalakwa yemwe, kuti asanamiziridwe.

Zomwe zatsala osaperekedwa tsiku limenelo, makamaka za rejisitala, zigone m'sefa.

Akanakhala kuti ndi ku Britain

Kumeneko zida zinali zosiyana, ndipo pa mbali ya kulandira ndimaona kuti anaganiza mozama. Thumba silinkaponyedwa pansi. M'mbali mwa njanji munali ukonde wolimba wa zingwe, ndipo bogi nayo inali ndi ukonde wake wotambasukira kunja. Matumba a makalata ankawakulunga m'chikopa chokhuthala chomanga ndi malamba, cholemera pafupifupi makilogalamu 9 chili chopanda kanthu, ndipo chikadzaza chinkafika pafupifupi 27. Wa m'sitima ankachipachika pa mkono wotulukira kunja kwa chitseko, ukonde wapansi n'kuchithyola sitima ikudutsa, kwinaku ukonde wa bogi ukukokolola chomwe wapansi wapachika pa mzati. Njira imeneyi, yomwe John Dicker anaikonza bwino, inakhazikika kuyambira 1852. Ntchito yanu ikanakhala kutsekula ukonde nthawi itakwana, kupachika chikopa chanu, kuima patali, kenako kutsitsa zomwe zagwera muukonde ndi kuupinda kuti usakole sitima zina.

Za achifwamba, mayiko onse awiri anakumana nazo. Ku America makalaliki a m'sitima ankayenda ndi mfuti, ndipo mu 1921 ndi 1926 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera makalata. Ku Britain, pa 8 Ogasiti 1963, gulu la mbava linaba mapaundi pafupifupi 2.6 miliyoni m'sitima ya makalata yochoka ku Glasgow kupita ku London. Taonani momwe anachitira: anasokoneza magetsi a pa njanji ku Buckinghamshire kuti aonetse ofiira, sitima n'kuima, n'kuvulaza woyendetsa, Jack Mills. Sitimayo ili pa liwiro sakanaikhudza.

Komwe mungakaone ndi maso

Magalimoto, ndege ndi makina osankhula makalata zinalanda ntchitoyi pang'onopang'ono. Ku Britain anasinthana matumba sitima ikuyenda komaliza pa 4 Okutobala 1971 ku Penrith, ngakhale mabogi osankhuliramo makalata anayendabe mpaka Januwale 2004. Ku America mapangano ambiri ndi makampani a njanji anathetsedwa mu 1967, ndipo positi ofesi yomaliza ya pa njanji inayenda pa 30 Juni 1977 pakati pa New York ndi Washington.

Amene muli ku Britain muli ndi mwayi. Ku Didcot Railway Centre ku Oxfordshire ndi ku Great Central Railway ku Leicestershire anasunga mabogi ndi maukonde, ndipo pa masiku ena apadera anthu odzipereka amaonetsa kusinthana matumba sitima ikuyenda. Sizichitika tsiku lililonse, choncho yambani mwaona pa tsamba lawo la pa intaneti musanagule tikiti. Amene muli ku America, National Postal Museum ku Washington ili ndi chionetsero cha bogi ya makalata momwe mungalowe n'kuona timabokosi tosankhuliramo. Mukapita ku chionetsero cha sitima yoyenda, fikani msanga mupeze malo oonera bwino ukonde wapansi, gwirani ana dzanja, ndipo muime kuseri kwa mpanda pomwe oyang'anira akuuzani.