Momwe mungayezere pikapu yakale yonyamula katundu wolemera musanaigule mu Blantyre

Pikapu zambiri zomwe zimagulitsidwa mu mzinda uno zidagwira kale ntchito ya kalavulagaga. Zina zidatuta njerwa ndi mchenga, zina zidayenda m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, zina zidali za mabungwe oyenda m'midzi nyengo yamvula. Wogulitsa amaitsuka, kupaka matayala polishi, ndipo Hilux, Land Cruiser, Isuzu kapena Ranger ija imaoneka ngati yangotsika kumene. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo weniweni wa galimoto yotere ndi ndalama yomwe mwapereka kwa mwiniwake kuphatikizapo yomwe mudzasiye kugalaja miyezi itatu yoyamba, ndipo yachiwiriyi mungathe kuidziwa musanalipire.

Choyamba, pezani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba. Akhale wodziwa za dizilo, ndipo ngati pikapuyo ndi ya injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta monga D-4D ya Toyota, akhale ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto. Mulipireni tsiku lake mosaumira.

Pitani m'mamawa, ndipo muuziretu mwiniwake kuti asailize. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, bwererani mawa, chifukwa injini yotha imabisa matenda ake ikatenthedwa. Isanalire, tsegulani chotsekera cha oyilo. Mukaona zoyera ngati chambiko pansi pa chotsekeracho, madzi akulowa mu oyilo. Tsegulaninso redieta injini ili yozizira, muilize, muyang'ane madziwo. Akamatuluka thovu mosalekeza, gasiketi ya hedi (chomatira cha pakati pa thunthu la injini ndi mutu wake, womwe ndi hedi) yapsa, ndipo mwina hediyo ndi yosweka. Injini zakale za Toyota monga 2L, 3L ndi 5L n'zolimba, koma zikatenthedwa kwambiri hedi imachita ming'alu. Apa pamafunika gasiketi, kukapalitsa hedi kwa a makina, ndipo nthawi zina hedi ina.

Kenako imani kumbuyo muone utsi. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa, kutanthauza maring'i a mapisitoni otha kapena turbo (chopopera mpweya mu injini) yodontha. Wakuda wochuluka ndi dizilo wosapsa bwino. Woyera wosaleka injini itatentha ndi madzi kapena injector (kachipangizo kopoperera dizilo mu injini) yodontha. Injini ikulira choncho, masulani chotsekera cha oyilo chija, muchisiye pakamwa pake osamanga. Chikamavina n'kugwa, utsi uli tolotolo, injiniyo yatsala pang'ono kufuna ovaholo, kuiphwasula yonse n'kuikonzanso. Kukonza kumeneko ndiye kokwera mtengo kuposa kwina kulikonse, ndipo ine ndikaona zotere ndimangotsanzika.

Pa ma injector ndiyima pang'ono, chifukwa ndi pomwe ambiri akulira masiku ano. Nthawi zonse mafuta akasowa m'mapampu, eni magalimoto amathamangira dizilo wa m'zigubu, ndipo wina amakhala ndi madzi, fumbi kapena palafini. Injini yakale ngati 1HZ ya Land Cruiser, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, imapirira pang'ono zoterezi, ndipo pampu yake ya dizilo amakaniko ambiri amaidziwa. Injini zamakono za common rail, monga D-4D ija, sizipirira. Dizilo amalowa mwamphamvu kwambiri kudutsa timabowo tating'onoting'ono, ndiye kadothi kochepa kamawononga injector, pena ndi pampu yomwe. Ma injector amakonda kutha pamodzi, ndipo anayi atsopano enieni akhoza kudya ndalama yomwe munasungira msonkho, inshulansi ndi matayala. Zizindikiro zake ndi kuvuta kulira m'mawa, kugogoda injini ikadali yozizira, ndi kunjenjemera ikangoima. Kamakina ka makaniko kamaonetsa momwe injector iliyonse ikugwirira ntchito, choncho musavomere mawu akuti "ingofunika sevisi basi". Pa injini ya 1KD ya Hilux funsaninso ngati mawashala a pansi pa ma injector adasinthidwapo. Akatha, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka sefa ya mu sampu (mokhala oyilo pansi pa injini), injini n'kufa ndi ludzu la oyilo.

Tsopano valani zovala zakale mulowe pansi ndi tochi. Galimoto yonyamula katundu imaulula mbiri yake pa chasisi, chimango chachitsulo chomwe chimanyamula galimoto yonse. Yang'anani kumbuyo kwa kabini ndi pomwe pamagwira masipuling'i. Mukaona powotcherera, chitsulo chomatidwa pamwamba, kapena penti wakuda watsopano pamalo amodzi okha, chasisi idathyokapo ndi katundu. Imeneyo siidzawongokanso bwino, idzangokudyerani matayala. Werengani masamba a masipuling'i mbali zonse ziwiri. Owonjezera amasonyeza kuti inkasenzetsedwa kupyola muyeso wake. Gwedezani propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) ndi manja, muonenso ngati diff (bokosi la magiya pakati pa matayalawo) ndi giyabokosi zikudontha oyilo.

Musaiwale za madzi osefukira. Namondwe wa Freddy adakantha Blantyre m'mwezi wa Malichi 2023, ndipo magalimoto ena adamira m'matope. Kwezani kapeti, nunkhizani, suzumirani pansi pa mipando ndi m'kabokosi ka mafyuzi. Dothi louma kapena dzimbiri m'malo amenewa ndi chenjezo, popeza mavuto a mawaya amabwera pang'onopang'ono ndipo satha.

Poyesa kuyendetsa, kuzungulira pa Ginnery Corner n'kubwerera sikokwanira. Thirani mafuta anu, ikani katundu kumbuyo, ngakhale matumba angapo a simenti, mutenge msewu wa ku Chikwawa, mutsikire ku Thabwa n'kukweranso mapiri aja. Potsika mudziwa za mabuleki: ngati ikukokera mbali imodzi, kapena chopondera chikunjenjemera. Pokwera maso akhale pa muvi wa kutentha. Ikani giya yapamwamba muponde mafuta. Injini ikakweza mawu koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Pikapu zina zatsopanoko zili ndi flywheel (chitsulo chozungulira chomwe kilatchi imagwirapo) ya zigawo ziwiri yomwe imasinthidwa pamodzi ndi kilatchi, ndipo imakweza mtengo kwambiri, ndiye funsani mtundu wake. Mverani kulira kwa turbo ngati kukumveka ngati sairini, ndi kung'ung'udza kwa diff komwe kumasintha mukachotsa phazi. Za 4x4 yeserani pa msewu wafumbi, osati pa tala, ndipo muyese magiya ake onse awiri, H4 ndi L4 yomwe.

Kugogoda kwa kutsogolo pa mabampu kusakuopseni kwambiri. Mabushi, ma ball joint, ma tie rod ndi mashoku zimatha pa galimoto iliyonse yoyenda misewu ya ku Machinjiri kapena Bangwe, ndipo kusintha kwake n'kotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe tatchula kale.

Mukabwerako khalani pansi ndi makaniko mulembe zonse zofunika kukonza, kuyambira zodula: injini, ma injector ndi pampu, giyabokosi, turbo, diff, kenako kilatchi, matayala, ndi zing'onozing'ono. Tengani pepalalo mukafunse mitengo malo atatu sabata yomweyo: kwa dila wa mtundu wa galimotoyo, m'mashopu a masipeya ku Limbe, ndi kwa ogulitsa zochotsa pa magalimoto ena ku Ndirande. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, ku South Africa, Dubai kapena Japan, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yonse yakale idatha ntchito, choncho musadalire zomwe mnzanu adalipira chaka chatha. Onjezani ndalama ya makaniko, ndipo chiwerengero chonsecho ndicho mukanenerere nacho mtengo. Chitseko, galasi kapena bampa zakale zilibe vuto. Koma timing belt (lamba woyendetsa mavavu a injini), mafiluta ndi za mabuleki gulani zatsopano zenizeni, chifukwa zotchipa zofanizira n'zomwe zimapha injini ndi anthu.

Musanapereke ndalama, yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zomwe zili mu blue book (chikalata cha umwini wa galimoto), muone COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), ndipo mupite limodzi ndi mwiniwake ku Road Traffic kukasintha umwini. Dzina la pa blue book likhale la munthu amene akulandira ndalamayo.

Ikakhala yanu, isanyamule kanthu isanalowe m'galaja. Sinthani oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa diff, mafiluta onse, ndi madzi a mu redieta, muthiremo coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) osati madzi a pampopi okha. Ngati palibe pepala losonyeza tsiku lomwe timing belt idasinthidwa, isintheni pompo. Pa Hilux ya 1KD kapena 2KD lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse, ndipo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu. Uzaninso makaniko akuonetseni kotsegulira madzi pansi pa filuta ya dizilo, kuti muzikhetsa nokha kunyumba nyali yake yochenjeza ya pa dashibodi ikangoyaka.