Kuzindikira duwa lachikasu la Potentilla

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje musataye nthawi kulifunafuna. Potentilla aurea ndi duwa la kumapiri ozizira a ku Ulaya, monga Alps. Mukaliona, ngakhale pachithunzi, yambirani patsamba: limagawikana timasamba 5 tochokera pamodzi ngati zala, m'mphepete muli tiubweya tonyezimira ngati siliva.

Duwalo lili ndi timasamba tachikasu 5 tolowa pang'ono kunsonga. Litembenuzeni, muwerenge tizidutswa tobiriwira ta kunsi kwake. Tikhale 10, osati 5. Ambiri amasokera pomangodalira mtundu.

Kachomera ka minga koyanga m'njira zathu zamchenga, kaja kobaya kuphazi, nakonso kamachita maluwa achikasu otero, koma timasamba take timandandalikana tiwiritiwiri m'mbali mwa kaphesi.