Inki ya Buluu ya Fountain Pen: Malangizo a Kasankhidwe ndi Kasewenzetsedwe

Welengani malangizo awa musanatsegule botolo. Akukamba za inki ya buluu yothila mu fountain pen, peni ija yokhala ndi nibu yacitsulo yong'ambika pakati, imene imamwa inki m'botolo kapena mu katiliji, kacubu kapulasitiki kamene kamabwela kodzaza kale ndi inki.

Coyamba, yang'anani mawu a pa botolo. Payenela kulembedwa kuti fountain pen ink. Ngati mawuwo palibe, libwezeni pa shelufu, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti inki ni inki cabe. Inki ya cidindo, inki ya printa ndi inki yojambulila yolembedwa kuti India ink kapena drawing ink siziyenela kulowa mu peni imeneyi. Kunsi kwa nibu kuli kapulasitiki kakuda kokhala ndi tingalande toonda kwambili, ndipo inki imadutsa mmenemo popita ku pepala. India ink ili ndi zomata, kawilikawili shellac, zimene zikaumila m'tingalandemo madzi sangazisungunule. Peni yotele nthawi zambili imakhala yatha nchito.

Buluu wake uti?

Funso lofunika si lakuti ndi buluu uti wokongola. Dzifunseni kuti pepala limene mudzalembapo lidzakumana ndi ciani, komanso ngati mudzakwanitsa kutsuka peni kawilikawili. Inki imene imakakamila pa pepala imakakamilanso mkati mwa peni.

Mtundu wofala kwambili ndi uja wolembedwa kuti Royal Blue kapena Washable Blue. M'gulu ili muli Pelikan 4001 Royal Blue ya ku Germany, imene imabwela m'mabotolo a 30 ml ndi 62.5 ml, Parker Quink Washable Blue ya 57 ml, Waterman Serenity Blue ya 50 ml, ndi Lamy Blue. Dzina la Quink lakhala pa msika kucokela mu 1931. Inki izi ndi utoto wosungunuka m'madzi, mulibe tumibulu. Ikaumila mu peni, madzi ozizila amaisungunulanso. Ikagwela pa yunifomu, imacoka ndi sopo. Kwa mwana wa sukulu, mphunzitsi wolemba manotsi, kapena aliyense amene wagula fountain pen koyamba, yambilani pamenepa. Peni yakale imene munasiyilidwa ndi makolo nayonso ipatseni inki yofatsa imeneyi.

Koma dziwani kufooka kwake. Envelopu yolembedwa ndi Washable Blue ikagwidwa ndi mvula ya mu January, pamalo pa adilesi pamatsala cibanga ca buluu cosawelengeka. Cidziwitso comatidwa pa bolodi pamene pamaomba dzuwa cimasuluka pakapita miyezi. Palinso kapeni kofafanizila inki, kamene kali ndi nsonga yoyela ku mbali imodzi ndi nsonga ya buluu ku mbali ina. Mukapititsa nsonga yoyela pa mawu a Royal Blue, mawuwo amazimilila pomwepo, cifukwa mankhwala ake amasandutsa utotowo kukhala wosaoneka. Pamalo pamenepo inki ya mu peni siigwilanso, ndiye cifukwa cake anaikako nsonga ya buluu yolembela pamwamba. Kwa wophunzila zimenezi n'zothandiza. Koma ganizilani buku la cilimba, kalata yogulitsilana puloti, pangano la lendi kapena buku la nkhongole pa shopu. Nambala imene ingafafanizidwe popanda kusiya cizindikilo cooneka msanga siiyenela kukhala m'mabuku otele. Zolemba zokhudza ndalama, malo kapena siginecha musalembe ndi Washable Blue.

Mtundu waciwili ndi Blue-Black. Apa cenjelani, cifukwa dzinali limangochula mtundu, silikamba zimene zili mkati. Blue-Black yambili ya masiku ano ndi utoto cabe, ndipo madzi amaicotsa monga mmene amacitila ndi buluu wina aliyense. Ina ili ndi zimene amati iron gall, msanganizo wa mcele wa citsulo ndi asidi wa tannin, umene anthu a ku Europe analembela kwa zaka mahandiledi ambili. Pelikan 4001 Blue-Black, Platinum Blue-Black ya ku Japan, Hero 232 ya ku China, Rohrer & Klingner Salix ndi Diamine Registrar's ya ku Liverpool zili m'gulu limeneli. Mukalemba ndi Registrar's, mzele umayamba wotuwa, ngati inki yathilidwa madzi. Musadandaule. Mpweya ukaukhudza umayamba kuda, ndipo pofika mawa lake umakhala wakuda bii, wolowelela m'pepala. Madzi angakokolole utoto wa buluu wa pamwamba, koma mawu amatsala otuwa ndi owelengeka. Ku Britain inki ya mtundu uwu yakhala ikusewenzetsedwa polemba mabuku a boma a maukwati, kubadwa ndi imfa. Kwa mlembi wa mpingo wosunga buku la ubatizo kapena msungicuma wa gulu la village banking, iyi ndiyo yoyenela. Kuipa kwake n'kwakuti ili ndi asidi. Ikasiyidwa kuumila mu peni kwa nthawi yaitali ingadye nibu yacitsulo wamba ndi kusiya nsenga zovuta kucotsa.

Palinso inki ya tumibulu tosalala kwambili, yochedwa pigment ink, monga Sailor Seiboku ndi Platinum Pigment Blue. Ikauma pa pepala madzi saigwedeza. Inapangidwila fountain pen, conco ndi yosiyana ndi India ink, koma musaiiwale mu peni. Pa mabokosi ena mudzaona mawu akuti Document kapena Permanent pamodzi ndi nambala ISO 12757-2 kapena ISO 14145-2. Imeneyi ndi miyezo yoonetsa kuti inkiyo inayesedwa ngati imapilila madzi, kuwala ndi mankhwala ofafanizila.

Mabuluu owala kwambili, a turquoise ndi ena onyezimila, ndi okondweletsa maso polemba kalata. Ambili amacedwa kuuma ndipo amadetsa zala. Ngati mumalembela dzanja lamanzele, apeweni.

Musanakhulupilile inki iliyonse, iyeseni nokha. Lembani mizele itatu pa pepala lomwe mumasewenzetsa masiku onse, dikilani maola 24, kenako donthezanipo madzi ndi kupendeketsa pepalalo. Zimene zatsala ndizo zidzatsala m'buku lanu likadzanyowa.

Ngati fomu yalembedwa kuti isainidwe ndi inki yakuda, tsatilani zimenezo. Pa mayeso a Examinations Council of Zambia, tsatilani malangizo a pa pepala la mayeso ndi a oyang'anila. Pamene mwapatsidwa ufulu wosankha, buluu ali ndi ubwino umodzi: siginecha yake imasiyanitsa msanga pepala lenileni ndi fotokope.

Pepala ndi nibu

Anthu ambili amaimba mlandu inki pamene vuto lili pa pepala. Mabuku a sukulu ochipa amamwa inki, mzele umamela tumanyanga m'mbali ndi kuonekela kuseli. Pa pepala lotele sewenzetsani nibu yoonda, yolembedwa F kapena EF, pamodzi ndi inki yosatuluka kwambili. Pelikan 4001 ndi inki za iron gall zimadziwika ndi khalidwe limeneli. Nibu ya M kapena B, imene imalemba mzele wonenepa, imafuna pepala labwinopo, la 80 gsm (muyezo wa kulemela kwa pepala) kupita m'mwamba, ngakhale kuti kulemela kokha sikutsimikizila kuti pepalalo silimwa inki. Nibu ya F ya ku Japan imakhala yoonda kuposa F ya ku Europe.

Pa buku la malisiti la kaboni tengani bolopeni. Fountain pen siifuna kukanikiza, ndipo mukakanikiza kuti mawu aonekele pa pepala lapansi mudzatambasula nibu.

Kuthila inki

Ngati peni yanu imalandila katiliji, dziwani kuti makatiliji si ofanana. Pelikan, Kaweco, Faber-Castell ndi Schneider amasewenzetsa muyezo wochedwa standard international, waufupi wa 38 mm kapena wautali wa 73 mm. Parker, Lamy, Pilot, Sailor, Platinum, Sheaffer ndi Cross aliyense ali ndi kamwa lakelake. Katiliji ya Pilot siilowa mu Pelikan, ndipo kuikakamiza kumang'amba kamwa kapena kuthyola kamsonga ka mkati. Popita ku shopu nyamulani katiliji yakale kuti muyelekezele. Poika yatsopano, lowetsani mbali imene kuli kamwa ndi kukankha molunjika mpaka mumve kuti thi. Imikani peni nibu ili pansi kwa mphindi ziwili kapena zitatu kuti inki itsike.

Inki ya m'botolo imachipa kwambili pa mililita iliyonse, cifukwa katiliji yaifupi siifika ngakhale 1 ml. Kuti muisewenzetse mufunika konveta, kacubu kokhala ndi pisitoni kamene kamalowa pamalo pa katiliji. Yalani nyuzipepala yakale pa tebulo. Zungulizani kamutu ka konveta mpaka pisitoni itsikile pansi. Mizani nibu yonse m'inki, mpaka m'mphepete mwa pogwilila pakhudze inkiyo. Nibu ikamila theka cabe, mudzakoka mpweya. Zungulizani pang'onopang'ono kubwelela m'mwamba. Ngati mwatsala mpata waukulu wa mpweya, tsitsani ndi kukokanso nibu ikali m'botolo. Mukatulutsa, bwezelani madontho awili kapena atatu m'botolo, tembenuzani nibu iyang'ane kumwamba, malizani kuzunguliza, kenako pukutani ndi tishu kapena kansalu kosasiya ubweya. Tsekani botolo musanayambe kulemba. Mabotolo ambili amagwetsedwa ndi cigongono ca munthu amene akuyesa peni.

Musasakanize inki za mitundu iwili, ngakhale zonse zikhale za buluu. Ina ili ndi asidi, ina ilibe, ndipo zikakumana zingaundane. Posintha inki, yambani mwatsuka peni.

Kutentha ndi maulendo

Mu peni yotsala ndi inki yocepa mumakhala mpweya wambili. Mpweyawo ukatenthedwa umafufuma ndi kukankhila inki kunja. Ndiye cifukwa cake mu October, makamaka ku malo otentha monga cigwa ca Luangwa, Chirundu ndi Siavonga, munthu amatsegula cotsekela n'kupeza inki yadzaza mkati. M'nyengo imeneyi musalole inki kutsika kupitilila pa theka, nyamulani peni nibu ili m'mwamba, ndipo musaisiye pa dashibodi ya motoka kapena pa windo. Pokwela ndeke zimacitikanso cimodzimodzi cifukwa mphamvu ya mpweya m'ndekemo imacepa. Dzazani peni yonse kapena ikhuthuleni yonse, iimikeni nibu ili m'mwamba, ndipo botolo liikeni m'kapulasitiki komanga bwino.

M'miyezi ya fumbi ndi mphepo youma, kucokela June mpaka mvula itayamba, nibu yosatseka imauma m'mphindi zocepa. Mukaima kulemba kuti muyankhe foni, tsekani.

Kutsuka

Peni ya Washable Blue itsukeni kamodzi pa mwezi umodzi kapena iwili. Ya iron gall kapena ya pigment itsukeni pafupipafupi, pakapita milungu iwili kapena itatu, ndipo ngati simudzalemba kwa mlungu wopitilila umodzi, ikhuthuleni. Kokani madzi ozizila ndi konveta, tulutsani, bwelezani mpaka madzi atuluke oyela. Ngati inki inaumila, viikani cigawo ca nibu m'kapu ya madzi usiku wonse, mutadonthezamo dontho limodzi la sopo wotsukila mbale, kenako tsukuluzani bwino. Imikani nibu pa tishu kuti madzi otsala amwedwe musanathile inki ina.

Madzi otentha amapinda kapulasitiki ka kunsi kwa nibu. Sipiliti, thina, palafini, Jik ndi mankhwala ocotsela cutex amawononga thupi la peni, conco zonsezi zikhale kutali.

Anthu a mu Lusaka asamale mbali iyi. Mzindawu unakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi ambili a pa borehole ali ndi laimu wambili, uja amasiya zoyela pansi pa ketulo. Madzi otele akamaumila m'tingalande ta peni mobwelezabweleza amasiyamo zomwezo. Tsukani ndi madzi a pa pompi ngati ndiwo alipo, koma kutsukuluza komaliza citani ndi distilled water, madzi oyengedwa opanda laimu. Amapezeka ku famasi ndi m'mashopu a zipangizo za motoka. Welengani botolo bwinobwino kuti musatenge asidi wa batili.

Kusunga botolo, madontho ndi citetezo

Sungani botolo m'bokosi lake, m'kabati kapena m'dilowa mosafika dzuwa, litatsekedwa zolimba. Pukutani kamwa la botolo musanatseke kuti cotsekela cisadzakakamile. Botolo losungidwa motele limakhala zaka. Mukaona cuku pamwamba, tunthu tonanda ngati ulusi, kapena fungo lacilendo, tayani inkiyo ndi kutsuka peni iliyonse imene inamwapo. Inki ya mu peni imene yakhalitsa musaibwezele m'botolo.

Inki ikagwela pa covala, musacisite ndipo musathile madzi otentha, cifukwa kutentha kumakhomelela utoto. Psinjani ndi tishu, tsukuluzani ndi madzi ozizila kucokela kuseli kwa nsalu, pakani sopo ndi kuviika. Washable Blue imacoka mosavuta. Iron gall ndi pigment zingasiye cibanga cosatha. Ya pa zala imatha yokha ndi sopo pakapita tsiku limodzi kapena awili.

Ikani botolo ndi makatiliji posafikila ana aang'ono, cifukwa katiliji yaifupi ingatsamwitse mwana. Inki ikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyela ambili kwa mphindi zingapo, ndipo ngati kuwawa kukupitiliza pitani ku kiliniki. Mwana akamwa inki, mutsukeni m'kamwa, mupatseni madzi akumwa, musamukakamize kusanza, ndipo pitani naye ku kiliniki mutanyamula botolo kapena bokosi lake kuti a zaumoyo aone zimene wamwa.